Maliro Opanda Mtembo

Munthu akamwalira pamudzi pali dongosolo limene anthu amalitsata. Abale amaona nkhope ya womwalirayo, anansi amagona pasiwa, adzukulu amakumba manda, ndipo patapita masiku anamfedwa amameta. Miyambo imeneyi isiyana pfuko ndi pfuko, koma nchito yace ndi imodzi, ndiyo kuthandiza mtima wa wofedwa kuti ubvomere kuti munthu uja wapitadi, ndi kuti malo amene wagona adziwika. Nkhondo yaikulu ya 1914 mpaka 1918, imene makolo ena a kuno anaicha Nkhondo ya Ciwaya potengera mfuti yolira kosalekeza ija, inaphwanya dongosolo limeneli m'nyumba zosawerengeka, pakuti inabweretsa maliro opanda mtembo.

Kuyambira mu 1915 akulu a nkhondo a Britain analetsa kutumiza mitembo ya asilikali kwao, ngakhale abale akhale olemera motani, ndipo aliyense anaikidwa m'dziko limene anafera. Ambiri sanapezeke n'komwe, cifukwa mizinga inawanyenya, kapena matope a ku France ndi Belgium anawameza. Pa cipilala ca ku Thiepval m'dziko la France palembedwa maina oposa 72,000 a asilikali amene manda ao sadziwika, ndipo pa cipata ca Menin mu mzinda wa Ypres pali ena oposa 54,000.

Cimene cinafika kunyumba cinali pepala. Mwana akakhala ofisala, makolo ace ankalandira uthenga wa lamya. Akakhala msilikali wamba, ankalandira pepala losindikizidwa kale, lokhala ndi mipata yolembamo dzina ndi tsiku. Pambuyo pace inkabwera kalata ya mkulu wa gulu lace, ndipo makalata otere ankanena mau ofanana, akuti mnyamatayo anali wolimba mtima, anafa msanga, ndipo sanamve kuwawa. Ndakatulo zambiri za zaka zimenezo zinabadwa pa mpata uwu, pamene mtembo ukadagona. Ena anazilemba ali m'maenje a nkhondo poganiza za makolo ao, ena anazilemba ali kunyumba atafedwa. Onsewo anakomana ndi funso limodzi lobvuta: kodi wofedwa ayenera kuuzidwa zoona zonse, kapena ayenera kutonthozedwa?

Siegfried Sassoon, ofisala Mngerezi amene analandira mendulo cifukwa ca kulimba mtima kwace, anaidziwa nkhaniyi mbali zonse ziwiri. Mng'ono wace Hamo anabvulazidwa ku Gallipoli namwalira mu November 1915, ndipo mtembo wace unaikidwa m'nyanja monga mwa mwambo wa m'zombo, kotero kuti mai wao analibe manda oti akalirepo. Komanso pokhala ofisala, Sassoon anadziwa bwino m'mene makalata otonthoza aja ankalembedwera. M'ndakatulo yace yochedwa The Hero aonetsa ofisala atafika m'nyumba ya mai wokalamba amene mwana wace waphedwa. Maiyo awerenga kalata ya mkulu wa asilikali, nanyadira mwana wace ngakhale mau ali kumkanika pakhosi. Ofisalayo atuluka cete, pakuti adziwa kuti zimene wanena nzabodza: mnyamatayo anali wamantha, anayesetsa kuti abwezedwe kwao, ndipo atanyenyedwa ndi bomba panalibe womlira koma maiyo yekha. Mphamvu ya ndakatuloyi iri pakuti siweruza maiyo, ndiponso simlanda kalata yace. Wowerenga ndiye asenzetsedwa coonadi. Sassoon ankakwiya ndi anthu a kunyumba amene anakonda mbiri yokoma ya nkhondo, komabe anazindikira kuti kwa mkazi wosaona mtembo, bodza lija ndilo nsalu yokha imene anali nayo yokulungira mwana wace.

Mu August 1917 Sassoon anakomana ndi Wilfred Owen m'cipatala ca Craiglockhart ku Edinburgh, kumene ankasungako maofisala osokonezeka mutu ndi zoopsa za nkhondo. Owen anali mnyamata wokonda amace koposa, ndipo pa makalata ace amene asungidwa, oposa 500 analembera mai wace Susan. M'cipatalamo analemba Anthem for Doomed Youth, ndakatulo imene yonse iri yomangidwa pa mwambo wa maliro. Itenga zinthu zimene Mngerezi aliyense ankaziona poika munthu, monga belu, mapemphero, oimba, makandulo, maluwa ndi nsalu yophimba bokosi, nisonyeza cimene calowa m'malo mwa ciriconse. Ku nkhondo, m'malo mwa belu ndi nyimbo muli kulira kwa mfuti ndi mizinga. Tsono mbali yaciwiri icoka ku nkhondo ndi kulowa m'midzi ya ku England, ndipo kumeneko zolowa m'malo zipezeka m'matupi a otsala: kunyezimira kwa maso a anyamata ndiko makandulo, ndipo nkhope zofota za asungwana ndizo nsalu ya bokosi. Mathero ace ali pa mwambo wakale wotseka nsalu za pazenera pakagwa maliro m'nyumba. Koma Owen auika mwambowo pa madzulo a tsiku liri lonse, ndipo motero asonyeza kuti maliro opanda mtembo alibe tsiku lometa.

Owen anabwerera ku France mu 1918, naphedwa pa 4 November gulu lace liri kuyesa kuoloka ngalande ya Sambre-Oise pafupi ndi mudzi wa Ors, ali ndi zaka 25. Uthenga wa lamya unafika kwa makolo ace ku Shrewsbury pa 11 November, mabelu a machalichi ali kulira kulengeza kuti nkhondo yatha. Iye anakhala ndi manda ace, ngakhale kutali. Pamene mabanja analoledwa kusankha mau ocepa olemba pa mwala, Susan Owen anatenga mizere ya m'ndakatulo ya mwana wace yochedwa The End. M'menemo mwanayo anafunsa mokayika ngati akufa adzakhalanso ndi moyo, ndipo mayankho amene anaikamo anali osapatsa ciyembekezo. Maiyo, amene anali Mkristu wolimba, anadula mau pakati nasiya cizindikiro ca funso ca kumapeto, kotero kuti pa mwalapo kukayika kwa mwana kunasanduka cibvomerezo ca cikhulupiriro ca mai wace. Mng'ono wace Harold nayenso anafafaniza ndi kudula mbali zina za makalata a mkulu wace asanalole kuti asindikizidwe. Apa paoneka kuti banja lofedwa limakonza mau a womwalira kufikira atakhala otheka kukhala nao m'nyumba.

Cisoni ca Rudyard Kipling cinali ca mtundu wina, pakuti mwana wace anapita ku nkhondo ndi cithandizo ca atate wace. Kipling anali mlembi wochuka m'maiko onse olamulidwa ndi Britain, bwenzi la Cecil Rhodes, ndipo nkhondo itayamba analemba ndi kulankhula mwamphamvu kuti anyamata apite. Mwana wace wamwamuna mmodzi yekha, John, anakanidwa usilikali cifukwa ca maso ofooka. Atate wace anakapempha kwa Lord Roberts, bwenzi lace lakale, ndipo John analandiridwa m'gulu la Irish Guards. Pa 27 September 1915, pa nkhondo ya ku Loos, mnyamatayo anasowa atangokwanitsa zaka 18. Kipling ndi mkazi wace Carrie, amene anali atataya kale mwana wao wamkazi Josephine mu 1899, anafunsa m'zipatala ndi kwa asilikali obwerako nthawi yaitali, ali kuyembekeza kuti kapena mwanayo ali m'ndende za Ajeremani.

Ndakatulo zimene analemba pambuyo pace zisiyana ndi zakale zija. My Boy Jack, ya mu 1916, ikamba za mnyamata wotayika pa nyanja, ndipo iri ngati kuyankhana kwa anthu awiri: wina afunsa mbiri ya mwana wace kawirikawiri, wina ayankha mau amodzimodzi omwewo akukana. Ndiwo mau a kholo loima pakhomo ndi kufunsa munthu aliyense wodutsa. Mu The Children aleka mau aulemu, nanena poyera m'mene matupi a ana anaonongekera pa bwalo la nkhondo, ndi kuti palibe malipo angabweze mwana. Mu 1919 anasindikiza Epitaphs of the War, tindakatulo tatifupi tonga mau a pa ciliza, tina ta mizere iwiri yokha, ndipo kamodzi mwa ito kaika mlandu wa imfa ya anyamata pa bodza la atate ao. Akatswiri asiyana maganizo ngati ananena za iye mwini kapena za atsogoleri a dziko amene sanakonzekere nkhondo, koma wowerenga wodziwa za maso a John sangathe kuwerenga mizere iwiriyo mopepuka.

Mu 1917 Kipling analowa m'bungwe losamala manda a nkhondo, lochedwa Imperial War Graves Commission, ndipo ndiye anasankha mau olembedwa pa miyala ya asilikali osadziwika maina, onena kuti Mulungu awadziwa. Analembanso mbiri ya gulu la mwana wace m'mabuku awiri amene anatuluka mu 1923, ndipo m'menemo John achulidwa mwacidule monga ofisala wina aliyense. Anamwalira mu 1936 asanaone manda a mwanayo. Mu 1992 bungwe lija linalengeza kuti manda ena a ofisala wosadziwika pafupi ndi Loos ndiwo a John Kipling, nililembapo dzina lace. Ngati ndi tero, zaka zonsezo mwanayo anagona pansi pa mau amene atate wace anasankhira ana a eni.

Akazi nao analemba, ngakhale mabuku a m'sukulu anacedwa kuwawerengera. Vera Brittain anasiya maphunziro ace ku Oxford mu 1915 kukagwira nchito yosamala asilikali obvulala. Mnyamata womtomera, Roland Leighton, anaomberedwa usiku atapita kukaona waya wa minga wofunika kukonza, namwalira pa 23 December 1915, pamene Vera anali kumdikira kuti afike pa chuthi ca Khirisimasi. Patapita masabata ocepa katundu wa Roland anafika kwa makolo ace, ndipo Vera anapeza mai ndi mlongo wa womwalirayo atamasula mtolo wa zobvala zamatope ndi mwazi, zonunkha pfungo la kumanda. Maiyo anapempha kuti zicotsedwe m'nyumba, pakuti sanaonemo mwana wace. Mtolo umenewo ndiwo mtembo umene banjalo linaona.

Ndakatulo ya Vera yochedwa Perhaps njofatsa kwambiri. Ndime zace ziyamba ndi kukayika, kuti kapena tsiku lina adzakondweranso ndi dzuwa, ndi maluwa, ndi nyengo za caka m'mene zisinthira, ndipo yomariza yokha ndiyo inena motsimikiza, kuti cimwemwe cacikulu cija sicidzabweranso. M'menemo mulibe mfuti kapena mbendera. Nkhondo ioneka monga wofedwa aionera, m'nyengo zimene zibwerera pa nthawi yace pamene munthu sabwera. Mu 1917 anafedwanso abwenzi awiri, Geoffrey Thurlow ndi Victor Richardson. Anatsala ndi mlongo wace mmodzi yekha, Edward, amene anabvulazidwa pa 1 July 1916 ku Somme, tsiku limene asilikali a Britain 19,240 anafa. Vera anamlembera ndakatulo yomtamanda yochedwa To My Brother, ndipo patapita masiku anai okha, pa 15 June 1918, Edward anaphedwa m'mapiri a Asiago ku Italy. Imfa imeneyi sinathere pa tsikulo. Atate wao, amene anadwala mtima wosweka zaka zambiri, anamira mu mtsinje wa Thames mu 1935. Vera anafotokoza mbiri ya anyamata anaiwo m'buku lace Testament of Youth la mu 1933, nadzakhala wokana nkhondo kufikira imfa yace. Atamwalira mu 1970 mtembo wace unatenthedwa monga acitira ena ku Ulaya, ndipo phulusa lace linamwazidwa pa manda a Edward ku Granezza, monga iye anapempha.

Maliro opanda mtembo sanagwere Azungu okha. Pa 21 February 1917, m'mamawa wa nkhungu, sitima ya pamadzi yochedwa Mendi inagundidwa ndi inzace yochedwa Darro pafupi ndi cisumbu ca Isle of Wight kumwera kwa England, nimira lisanathe theka la ora. Inali itanyamula amuna oposa 800 a ku South Africa opita ku France kukagwira nchito ya manja, pakuti boma lao silinalole munthu wakuda kugwira mfuti pa nkhondo ya ku Ulaya. Anthu a ku South Africa amene anafa anali 616, ndipo 607 mwa iwo anali akuda, Axhosa, Ampondo, Asotho, Azulu ndi ena. Mitembo yambiri inatsala m'nyanja, ndipo mbiri inafika m'midzi kudzera mwa akulu a boma ndi mafumu.

Samuel Mqhayi, mlakatuli wamkulu wa Axhosa, amene anabadwa mu 1875 namwalira mu 1945, anali atalemba kale ndakatulo yolimbikitsa amuna kuti apite, monga anacitira Kipling. Pambuyo pa tsokali analemba Ukutshona kukaMendi, ndiko kunena kumira kwa Mendi. Vera Brittain analira monga munthu mmodzi m'cipinda mwace, koma Mqhayi analankhula monga mkulu woimirira pa maliro a pfuko lonse kupereka mau a cipepeso. Ayamba ndi kubvomera cimene cacitika, nafanizira imfayo ndi nsembe za m'Baibulo kufikira ya Kristu, ndipo pamenepo atembenukira kwa ana ndi akazi amasiye kuwauza kuti atonthole, cifukwa mwazi wotere sutayika cabe. Kapena Sassoon akadawacha mauwo bodza lokoma. Komabe ndakatuloyo inacita cimene boma linalephera. Nyumba ya Malamulo ya South Africa inaimirira kupereka ulemu mu March 1917, koma nkhondo itatha boma linakana kupatsa amuna akuda a gululo mendulo ya nkhondo. Mqhayi anapatsa amasiye mau oti anene pofotokozera ana za imfa ya atate ao, ndipo ndakatulo yace, pamodzi ndi misonkhano ya cikumbutso ya caka ndi caka, inasunga dzina la Mendi pa zaka zonse za tsankho. Tsopano 21 February ndilo tsiku lolemekeza asilikali a dzikolo, ndipo mendulo yace ya kulimba mtima ichedwa ndi dzina la sitimayo.

M'maiko amene lero achedwa Malawi, Zambia ndi Zimbabwe nkhondo yomweyo inafika pakhomo. Mfuti zinalira ku Karonga mu September 1914, ndipo mkulu wa Ajeremani, von Lettow-Vorbeck, anatula zida zace ku Abercorn, kumene tsopano ndi ku Mbala, pa 25 November 1918. Ku Nyasaland kokha amuna pafupifupi 200,000 anatengedwa, ena kukhala asilikali a King's African Rifles, koma unyinji kukhala atengatenga. Ku Northern Rhodesia anasenza katundu pamutu ndi kupalasa mabwato m'madambo a Bangweulu, ndipo ku Southern Rhodesia kunayambidwa gulu la Rhodesia Native Regiment mu 1916. Atengatenga anafa ndi njala, kamwazi, malungo ndi cibayo, naikidwa m'mbali mwa njira kapena kusiidwa pathengo. Mabanja ambiri sanalandire lamya kapena kalata. Ena anamva kwa anzao obwerako, ena anangoona kuti munthu safika.

Mbusa John Chilembwe wa ku Chiradzulu analembera nyuzipepala ya Nyasaland Times mu November 1914, kudandaula kuti osauka amene alibe mbali pa mkanganowo ndiwo adzafa, nadzasiya akazi ndi ana amasiye pa umphawi. Anaiona nkhondo kucokera pakhomo la wamasiye zaka zitatu Owen asanalembe ndakatulo yace ya maliro ija, ndipo boma linaletsa kalatayo kufalikira. Cisoni ca kuno cinalowa m'nyimbo ndi m'nkhani za pakamwa. Melvin Page, wolemba mbiri wa ku America, anasonkhanitsa mau a nkhalamba za ku Malawi zimene zinaona nkhondoyo m'zaka za m'ma 1970, ndipo m'buku lace The Chiwaya War, la mu 2000, muli umboni wao ndi zina mwa nyimbo zao.

Funso lija, la coonadi ndi citonthozo, alakatuli sanaliyankhe mofanana, ndipo mabanja sanafune yankho limodzi. Susan Owen anafuna ciyembekezo nadula mau a mwana wace kuti acipeze. Kipling anayamba ndi mau aulemu natsiriza ndi mau owawa. Amasiye a Mendi anafuna kumva kuti amuna ao sanamire cabe. Akulu amati maliro n'kulirana, ndipo ndakatulo zimene zakhalitsa ndizo zinasonkhanitsa anthu osadziwana kuti alire mwana wa wina monga munthu wokhala ndi dzina ndi kwao. Pa nkhani ya dzinayi atengatenga anamanidwa koposa onse. Mu April 2021 bungwe lija la manda, limene tsopano lichedwa Commonwealth War Graves Commission, linabvomera kuti anthu osacepera 116,000, kapena kufikira 350,000, ambiri mwa iwo a ku Afrika, sanalembedwe maina pa mwala uli wonse, pamene Azungu analembedwa mmodzimmodzi, ndipo nduna ya za citetezo ya Britain inapepesa m'Nyumba ya Malamulo. Nchito yofufuza mainawo m'mabuku akale a boma inayambika, ndipo mu January 2025 ku Cape Town kunatsegulidwa cikumbutso ca maina oposa 1,700 a anchito a nkhondo a ku South Africa amene anali asanalembedwe pena pali ponse, patapita zaka zoposa 100 cifere iwo.